Funso la a Halo

2 Juni

Mwana wanga,

Wenzulo wabweranso m'moyo mwanga. Ndayamba ndi dzina lake ndisanakupatse moni, undikhululukire, ndi limene landiima pakhosi. Moni tsono. Ife tilipo, amayi ako akudzuka, inenso ndikudzuka. Kaya iwe ndi ntchito yako yochapa ku hotelako, manja aja anasiya kusupuka?

Usadabwe kulandira kalata m'malo mwa foni. Zonyanyala mafoni zimene zinayambira kwanuko zafika kuno. Akuti kampani yakweza mitengo mopanda manyazi, ndiye tonse tisayimbe mpaka itsitse. Ine sindikutsutsa. Chimene chandisowetsa mtendere n'chakuti wapampando wa komiti ya msewu wathu ndi Wenzulo.

Iwe umamudziwa ngati nkhalamba yovala jekete ngakhale kutenthe. Ine ndinamudziwira ku fakitale ya matabwa, akuyenda ndi wenzulo m'khosi kutitsogolera pa sitiraka. Nkhaniyi unaimva kwa ena, lero uimve kwa mwini wake. Sitiraka ili m'kati, nthawi ya amayi ako yobereka iwe inakwana, ndipo zinthu sizinali bwino. M'dera lonse foni inali imodzi, mu ofesi ya bwana, m'kati mwa geti. Ndinalowa. Ndinayimba kuchipatala, galimoto inabwera, iwe unabadwa, amayi ako anakhala moyo. Potuluka ndinapeza Wenzulo ataima pageti. Sanandifunse kanthu. M'mawa mwake anakwera pa mulu wa matabwa n'kuuza anthu kuti ndinalowa kukapereka mayina a otsogolera. Sitiraka itatha ena anachotsedwa ntchito, ine ndinatsala, basi umboni unakwanira. Kuyambira pamenepo ndine a Halo. Ana obadwa dzulodzuloli amaika dzanja kukhutu ndikamadutsa, osadziwa n'komwe kumene zinachokera.

Tsono taona mmene akuchitira. Nyumba iliyonse yazula foni pakhoma n'kuiika pawindo loyang'ana kumsewu. A komiti amabwera, amakulunga chingwe n'kuchimanga ndi kansalu kofiira, mfundo yawoyawo, kuti ukamasula adziwe. Kwathu anabwera Wenzulo mwini wake. Anamanga mfundo ziwiri. Kwa mayi wa makina osokera, oyandikana nafe aja, anamanga imodzi. Ndinapita dala kukaona.

Chimene ndalembera ndi ichi. Ukudziwa kuti magazi a amayi ako amathamanga. Anamwino anatipatsa nambala yaulere ya ambulansi, anati zikavuta tiyimbe, sitilipira kanthu. Palinso foni ya m'manja imene unatitumizira, yomwe ndi ya kampani ina. Kodi ziwirizi zili m'gulu la zonyanyalazi kapena ayi? Kuno aliyense akunena zake. Kwanuko n'kumene kuli eni nkhani, undifunsire bwinobwino. Pakadali pano ya m'manja ndaizimitsa, ndaiika pawindo pomwepo pambali pa inzake, kuti wodutsa aziona zonse ziwiri.

Uyankhe msanga.

Ndine bambo ako.


9 Juni

Bambo,

Moni, ndipo mundipatsire moni amayi. Ine ndili bwino, manja anapola. Kalata yanu ndaiwerengera pa mulu wa zofunda za alendo. Sabata yonse ndakhala ndikuyimba, foni ikungoti nambalayi sikupezeka. Ndinayamba kuganiza zimene mwana safunika kuganizira makolo ake.

Ndafunsa monga munanenera, pa nthawi yopuma, ndipo ndayambitsa nkhondo. Mayi wosita zovala amene ndimagwira naye akuti yaulere siwerengedwa, chifukwa tikunyanyala kulipira, ndipo pa yaulere sulipira. Dalaivala wa hotela anamuseka, anati, "Chaulere munachionapo kuti, amayi? Inu simulipira, koma chipatala chimailipira kampani nthawi iliyonse mukayimba. Thumba ndi lomwelo." Mayi uja anamuloza ndi nsimbi, anati, "Tsiku limene udzagubuduzike ndi galimoto lakolo tidzakunyamula pa wilibala, kuti thumba lisakhute." Pa ya m'manja ndiye chipwirikiti. Ena akuti ndi kampani ina, ilibe mlandu. Ena akuti ukayimbira foni ya m'nyumba mawu amadutsa m'mawaya a kampani yomwe ija, ndiye nayonso imadyapo. Mapepala amene amatidwa m'mitengo ya magetsi amangoti tisayimbe, sanenapo za zimenezi.

Ndakuuzani mbali zonse chifukwa munandilera kuti ndisamabise mawu. Koma yankho langa ine ndi ili: yatsani foni ya m'manja lero lomwe. Kulandira si kuyimba. Ineyo pano yanga ndi yoyaka ndipo palibe wandiloza chala. Nambala ya ambulansi muimate pakhoma pamene amayi angaione.

Za ku fakitale zija ndawerenga kawiri.  Bambo, ndikanakhala kuti ndinali ndi pakamwa tsiku limenelo, ndikanakuuzani kuti lowani.

Amayi akumwa mankhwala? Mutu uja ukuwapwetekabe? Mundiuze zoona.

Mwana wanu.


15 Juni

Mwana wanga,

Moni. Kalata yako yafika ndipo ndathokoza. Dalaivala uja ali ndi mutu. Ndinali ndisanaganize kuti chipatala chimalipira. Ndiye kuti munthu akayimba yaulere, kampani yadya ndithu, ndipo Wenzulo atha kuima n'kunena kuti a Halo adyetsa kampani, osanama. Iwe ukuti palibe wakuloza chala. Kwanuko ndiwe mlendo, ukhoza kusamuka mawa. Ine manda anga ali kuno.

Komabe sindinafune kudalira nzeru zanga. Lamlungu masana kunali msonkhano mu shedi ya kalipentala. Ndinavala malaya oyera, ndinakhala kutsogolo, ndinaimika mkono ngati mwana wa sukulu. Ndinati, "A wapampando, nambala yaulere ya ambulansi nayo ili m'gulu?"

Wina kumbuyo anati, "Halo, halo, tikukumvani, pitirizani!" Shedi yonse inagwa ndi phwete.

Wenzulo anadikira kuti atsirize kuseka. Anati, "Mwamva, anzanga? Mwezi sunathe, ena ayamba kale kufunafuna kageti."

Ndinati, "Mkazi wanga amadwala. Ndafunsa inde kapena ayi."

Anati, "Akulu, munthu amene ali nafe safunsa kuti mpanda uli ndi bowo pati."

Ndinati, "Inde kapena ayi."

Anati, "Mtima wanu ukuyankhani. Si unakuyankhanipo kale?"

Kenako wometa anafunsa za mafoni a m'manja, akuti makasitomala ake amamufunira pamenepo. Iye anayankhidwa mwaulemu kuti komiti idzakambirana. Waona kusiyana kwake? Ndinatuluka msonkhano usanathe.

Wati ndikuuze zoona. Dzulo amayi ako anagwetsa kapu. Anati dzanja lamanja lalemera ngati la munthu wina. Pakamwa panakokekera mbali imodzi pang'ono, mawu anatuluka ngati a woledzera, kenako zinatha, anaseka, anasesa okha magalasi. Ine ndinaima pakati pa iwo ndi windo. Ndinaiyang'ana foni, ndinayang'ana mumsewu. Panali anthu atatu akucheza pa mpope. Mmene ndimati ndisunthe, amayi ako anali atachira. Tsiku lawo la kuchipatala ndi kumapeto a mwezi, si patali.

Ndikuopa, mwana wanga. Ndikuopa uku, ndikuopanso uko. Ufunsenso kwa akuluakulu enieni, osati a m'chochapira. Akalemba papepala kuti yaulere ndi yololedwa, unditumizire, ndikalimate pa shedi paja.

Ndine bambo ako.

Mwanawe, ndine amayi ako. Bambo akowa alemba ngati akumanga nyumba, andisiyira kamalo aka. Usawakalipire. Amakhala pampando tsiku lonse kuyang'anira mafoni awiriwa ngati akulera mapasa. Ndikawauza kuti yatsani amati mawa. Zolemba zangazi zapendekeka, si cholembera ayi, ndi dzanjali. Kwa iwo ndimaseka, koma kwa iwe sindibisa, ndili ndi mantha. Ubwere ukapeza mpata.


21 Juni

Bambo,

Moni. Ndilibe nthawi ya zambiri, ndikulemba nditaimirira kuti kalatayi ipite ndi basi ya lero. Yanu yangofika kumene, inachedwa panjira.

Zimene zinawachitikira amayi si zakutha zokha. Ndafunsa namwino amene amabwera kudzaona antchito kuno. Atangomva za kapu ndi pakamwa anandigwira mkono, anati limenelo ndi chenjezo la sitiroko, yaikulu imatsatira, ndipo ikabwera chimene chimapulumutsa munthu ndi changu. Musadikire kumapeto a mwezi. Musadikire a Wenzulo. Dulani kansaluko muyimbe tsopano, kalatayi ili m'manja.

Ndinalakwa kukuuzani za dalaivala uja. Munasiya mawu a mwana wanu n'kutola a munthu amene simunamuonepo. Pepala la akuluakulu kulibe ndipo silibwera. Ndinapita ku ofesi yawo, anandiuza kuti nkhani zing'onozing'ono ngati zimenezo aziona a m'makomiti a m'misewu.

Ndapempha tchuthi, abwana akuti ndidikire wina abwerere. Amayi, ngati bambo akana, itanani mayi wa makina.

Mwana wanu.


22 Juni

Mwana wanga,

Moni. Ndine mayi wa makina, woyandikana ndi makolo ako. Bambo ako andipempha kuti ndilembe ine, iwo akuti cholembera chikuwagwa. Ukhale pansi. Amayi ako ali moyo, ali m'chipatala, koma uyambe ulendo.

Zinachitika dzana, dzuwa lili pamutu. Ndinali pa makina, ndinamva bambo ako akundiitana ndi mawu amene sindinawamvepo. Ndinapeza amayi ako atagwa m'khitchini, pakati pa tebulo ndi sinki, maso ali otsegula, akufuna kulankhula koma osatheka. Ndinati, "Achimwene, yimbani!" Iwo anati, "Muwagwirire mutu, ndikubwera." Ine ndimayesa akupita pawindo. Ndinangomva chitseko cha panja.

Anathamangira kwa a Wenzulo kukapempha chilolezo. Ukudziwa kumene amakhala, kuseri kwa sitolo ya zitsulo, ndipo ukudziwa mawondo a bambo ako. Usandifunse chifukwa chake ine sindinayimbe. Kapepala ka nambala kanali m'thumba la malaya awo. Komanso ndisakunamize, ndinaganizako za foni yanga ndi mfundo yake, mtima unandiuza kuti abwera pompano. Ndinakhala pansi ndi mutu wa amayi ako pamiyendo, ndikuwapukuta malovu, nthawi yoti munthu n'kusoka diresi la mwana mpaka kuika mabatani.

A Wenzulo sanawapeze, anali atapita ku msonkhano wa makomiti. Zotsatirazi wandiuza ndi mkazi wawo yemwe, nayenso akulira. Akuti atawaona bambo ako ali wefuwefu anawauza kuti, "Dikirani, ndiwayimbire pa foni ya m'manja, amayenda nayo." Akuti bambo ako anangomuyang'ana, anafunsa kuti, "Amayenda nayo?" Iye anati, "Ee, nanga makomiti onsewa angawasonkhanitse bwanji?" Bambo ako anatembenuka osatsanzika.

Atabwerera kuno anatola ya m'manja ija pawindo. Siinayake. Yakhala padzuwa milungu yonseyi osaitchaja, batire linatha. Anatenga ya m'nyumba, anayamba kulimbana ndi mfundo, zala zikukana. Ndinali ndi lumo m'thumba la epuloni, ndinati, "Bweretsani ndidule." Anati, "Ayi, mlongo, mungadzakhale a Halo achiwiri." Analanda lumo, anadula okha, analumikiza, anayimba. Mawu awo anali osanjenjemera ngakhale pang'ono, ananena nambala ya nyumba ndi njira yonse ngati munthu amene wakhala akuloweza.

Ambulansi inabwera ikulira, msewu wonse unatuluka. Adokotala akuti mbali ya kumanja yafa, ndipo za kulankhula sakulonjeza. Anafunsa kuti anagwa nthawi yanji, titawauza anangopukusa mutu.

Kuyambira tsikulo palibe wanenapo kanthu za foni. Palibe waseka, palibe waika dzanja kukhutu. Ine ndimayesa zimenezi ziwapepuza bambo ako, koma ndiye zikuwaopsa kwambiri. Akabwera kuchokera kuchipatala amayendera nyumba yonse kuyang'ana makoma ngati pena palembedwa. Akuti anthu nkhaniyi akuisungira msonkhano. Sakudya. Bwera.

Ndine mayi wako wa makina.


12 Julayi

Bambo,

Moni. Ndinafika bwino ndipo ndayambiranso ntchito. Amayi agona bwanji? Mukuwatembenuza monga anatisonyezera anamwino? Mapilo aja muziika pansi pa mkono wakumanja, usamalendewere.

Masiku amene ndinali kwanuko sindinafune kukangana nanu pamaso pa amayi. Tsono ndinene. Kunyanyala kunatha, Bambo. Kampani inatsitsa mitengo, makomiti anavina, aliyense anabwezera foni yake pakhoma ine ndikadali komweko. Inu nokha munazulanso yanu n'kuibwezera pawindo. Ya m'manja ndinaitchaja ndekha, ndinakusiyirani yoyaka. Dzulo ndayimba, ikuti nambalayi sikupezeka. Mukunyanyalira ndani tsopano?

Pali chimene sindinakuuzeni. Tsiku lonyamuka ndinakumana ndi a Wenzulo pa siteji ya basi. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, anati pepani ndi matenda. Ndinawafunsa mosazungulira kuti kuyimba kwanu kuja kunali kuphwanya lamulo kapena ayi. Anati, "Mwana wanga, tapambana, zimenezo zinapita ndi mphepo. Bwanji kufukula?" Ndinati bambo anakufunsani pamsonkhano. Anakwinya nkhope ngati akufufuza m'mutu, anati pamisonkhano pamafunsidwa zambiri. Sindikudziwa ngati amanama kapena anaiwaladi. Msonkhano umene mukuuopawo kulibe. Anthu ali pa zawo.

Ine chimene chikundiopsa ndi inu. Ndinaona mmene mumapumira mukawadzutsa amayi, ndinaona mukugwira pachifuwa mukamayesa kuti sindikuyang'ana. Mukagwa inu m'nyumbamo, amayi sangafuule, sangayende, sangalumikize chingwe. Adzangokhala akukuyang'anani. Ndikamapinda zofunda kuntchito ndimaona chithunzi chimenechi mpaka manja amaima. Lumikizani foni, ndakugwirani mwendo.

Mwana wanu.


19 Julayi

Mwana wanga,

Moni. Amayi ako akudzuka. Ndikuwatembenuza, ndikuwasambitsa, mapilo ali pamene unanena. Ayamba kugwira supuni ndi dzanja lamanzere. Mawu alipo amodzi okha amene amatuluka, amati "basi". Ndikawapatsa madzi, basi. Ndikawafunsa ngati pakupweteka, basi. Nthawi zina amandiyang'ana nthawi yaitali osanena ngakhale amenewo, ndipo ine ndimatuluka kukaima pakhonde.

Za pachifuwa unaona bwino. Nditapita kukatenga mankhwala awo anamwino anandiyeza nanenso, anaitana adokotala. Akuti mtima wanga watopa, wakula kuposa malo ake. Andipatsa timapiritsi toika pansi pa lilime. Sindinafunse zambiri, nkhope zawo zinandiuza. Chimene ukuopa iwe inenso ndikuchiopa. Ndimachita kuyenda chogwira khoma kuti ndikagwa ndigwere kumene iwo sangandione. Ndagwirizana ndi mayi wa makina kuti m'mawa uliwonse akapanda kuona katani yotsegula, alowe osagogoda. Kiyi ali naye.

Koma foni sindilumikiza. Ukuti anthu ali pa zawo. Ku fakitale nakonso anthu anapita pa zawo, fakitale yomweyo inagwa, pamalopo pamera udzu, koma dzina lija lili pa ine mpaka lero. Nkhani imene sinaweruzidwe siitha, imangogona. Ine ndikalumikiza lero ngati wina aliyense, ndiye kuti ndavomera kuti panalibe funso, kuti ndinathamanga msewu wonse uja ndi mawondo awa chifukwa cha misala yanga, amayi ako ali pansi. Funso linalipo. Ndinalifunsa pamaso pa anthu, nditavala malaya oyera. Munthu amene anali ndi yankho anali ndi foni yoyaka m'thumba la jekete pamene anthu amandiseka.

Akuti waiwala. Chabwino, umukumbutse. Iwe amakugwira dzanja ndi manja awiri, ndiye ulembe kalata kwa iyeyo, kapena umuyimbire pa ya m'manja yakeyo, poti amayenda nayo. Sindikufuna kupepesa kwake. Za ku fakitale ndamusiyira, akafotokoze yekha kumene tikupita tonse. Ndikufuna chinthu chimodzi ndisanatseke maso.

Abwere m'nyumba muno masana, ndi kalipentala, ndi wometa, ndi aliyense amene anaseka mu shedi muja amene angakwane m'chipinda. Aime kumiyendo kwa bedi la amayi ako, avule chipewa, ayankhe funso langa ndi liwu limodzi. Akati inde, nambala yaulere inali m'gulu, ndilandira. Ndidzadziwa kuti ndinaphwanya lamulo lenileni, kuti panali chifukwa choopera, ndipo ndidzafa ndili a Halo mtima uli m'malo. Akati ayi, siinali m'gulu, asandiyang'ane ine. Ayang'ane dzanja la amayi ako lili papilo, awauze iwowo chifukwa chake sananene liwu limenelo tsiku limene ndinamufunsa.

Akatuluka, chingwe ndilumikiza ndekha, ndipo woyamba kumuyimbira ndiwe. Umuuze afulumire.

Ndine bambo ako.